Ndagula Mpweya Moyang'ana Doko

Renée Comeau anatsegula makatani onse ndisanalowe.
Wogulitsa nyumba amadziwa poimika munthu:
pazenera, doko la Halifax lili phee kunsiko,
sitima ya makontena ikukwawa ngati ikuopa kudzutsa madzi.
Sanandiimike pakona paja penti inatupa
ngati chithuza cha moto.
Ndinapaona ndekha.

Nyumbayi ndi yakale kuposa mayi anga.
Inali mosungira nsomba zamchere ndi zingwe za zombo,
ndipo kukachita chinyezi njerwa zimakumbukabe fungolo.
Chikepe chimatsokomola pa nsanjika yachitatu,
chimaima, chimaganiza, n'kupitiriza,
monga ndichitira ine pamasitepe.

Bambo Zwicker anabwera ndi tochi ndi kanyundo.
Ananditsitsira kunsi koimika magalimoto,
nandionetsa mzere pakhoma, wolekeza m'chiuno mwanga.
"Apa m'pomwe nyanja inafika chaka cha namondwe."
Anagogoda mzati, dzimbiri n'kuyoyoka ngati khofi wogaya.
"Mchere sugona, mayi.
Umadya chitsulo usiku inu mukulota."

Kenaka mapepala a komiti, masamba mazana awiri.
Ndinawawerenga ndi magalasi a mwamuna wanga malemu,
anga ndinali nditawakhalira.
Mkangano wa galu wa pa 402.
Njinga yotsekereza khonde, misonkhano itatu yathunthu.
Wina amakazinga nsomba usiku pakati.
Ndiye pa tsamba 163, timalemba ta nyerere:
denga, mapaipi, mizati isanu ndi umodzi,
mwini aliyense adzasonkha.
Thumba la onse linaphwa kalekale ngati tayala.
Amati mutu umodzi susenza denga.
Muno muli mitu makumi anayi, denga likudonthabe.

Loya anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana:
makoma si anu, zenera si lanu,
khonde n'lanu pongoimapo.
Mukugula mpweya wa pakati pa makoma.
Ndinati, mpweya wodula chonchi sindinaupumepo.
Sanaseke.

Mwana wanga pafoni, ali ku Calgary:
"Amayi, gulani yatsopano kumtunda,
penshoni yanu isathere m'mapaipi a anthu."
Akunena zoona. Amanena zoona nthawi zonse, n'chifukwa chake amatopetsa.
Koma zaka makumi atatu ndi chimodzi ndayendetsa basi mumzinda uno,
madziwa ndimangowaona pagalasi lakumbali,
m'mipata ya nyumba, kamphindi, getsi lisanasinthe.
Palibe tsiku ndinawayang'ana mpaka kukhuta.

M'khonde ndinakumana ndi Mayi Oickle,
zaka makumi asanu ndi atatu, ndowa kumanja.
"Mukugula? Mubwere ndi ndowa yanu.
Mphepo ikachokera kum'mwera timagawana madontho."
Anaseka mpaka kugwira khoma.
"Koma m'mawa, nanga m'mawa..."
Sanamalize. Anangoloza ndi chibwano kuzenera.

Ndinasaina Lachiwiri.
Cholembera chinauma pa dzina lachiwiri,
ndinabwereka cha loya, ndipo sindinabweze.

Usiku woyamba, matiresi pansi, makatoni osamasula,
chifunga chinatsika n'kumeza doko lonse.
Ndalama zonsezo, pazenera pali mbuu.
Lipenga la chifunga likulira ngati ng'ombe yosokera,
mapaipi akugogodana m'makoma omwe si anga,
wina pamwamba akukoka mpando, akukokabe.
Ndinaika ndowa pakona paja, yatsopano, mtengo ukadali pomwepo.
Tho.
Ndinayamba kuwerenga madontho ngati ngongole ya kubanki,
ndinafika makumi asanu n'kusokoneza.

Isanakwane sikisi, kanthu kanayaka m'mbuumo:
bwato loolotsa anthu, magetsi ake achikasu,
likuchokera ku Dartmouth ndi antchito atulo m'maso.
Wina wayendetsa. Si ine.
Ndinaima osavala nsapato pa simenti yozizira,
khofi alibe shuga chifukwa sindikudziwa katoni yake,
ndipo ndinaliperekeza ndi maso
mpaka linakocheza.